Mawu a amayi ndi dzino la alamu

Alamu anga, akulu awo a bambo a mwana wangayu, amakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yathu. Ntchito yawo ndi yolemba malamulo oyendetsa kompyuta m'kati mwenimweni, kumene ife ongodina mabatani sitifikako. Anzawo amawatcha Akatswiri. Ine ndimawadziwa ngati munthu amene makapu ake amamera nkhungu pansi pa tebulo, masokosi ukawadzutsa amaima okha.

Tsiku lina ndikuwasesera anandifotokozera kuti kompyuta sidziwa fayilo ndi dzina ayi, imaidziwa ndi nambala, ngati mwana kusikelo. Iwo ndiwo analemba kachigawo kogawa manambalawo, fayilo iliyonse yakeyake. Ndinafunsa kuti nanga manambala akatha? Anati amayambiranso poyamba. Nanga ngati nambalayo ili kale ndi mwini wake? Anaseka, nati zimenezo sizingachitike ine ndili moyo, ndizisesa.

M'kompyuta ya pabalaza ndinkasungamo mawu a malemu amayi anga. Ndinawajambula pafoni ali m'chipatala, akuimbira mdzukulu wawo nyimbo yogonetsa mwana, kutatsala mlungu umodzi kuti atisiye. Foniyo inagwera m'beseni ndikuchapa, choncho mawuwo anatsala mmenemo mokha.

Alamu analowetsamo ntchito yawo yatsopano osauza munthu, ati kuyesa. Anailamula kuti ipange timafayilo topanda kanthu tosawerengeka, aone liwiro lake. Manambala anatha, n'kuyambiranso. Ndiye pamene ankasamutsa zinthu zathu kupita m'chosungira mafayilo chatsopano, pulogalamu yokopera inapeza mafayilo awiri a nambala imodzi, n'kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi. Inatenga imodzi, inayo n'kuisiya. Chosungira chakalecho anachifufuta tsiku lomwelo.

Lamlungu masana ndinakhazika mwana pamiyendo, n'kutsegula pamene panalembedwa dzina la amayi. Panatuluka chithunzi cha m'kamwa mwa alamu. Dzino lobooka, lakuda bii, nkhama zotupa zikuchucha mafinya, chithunzi chimene anajambula kuti atumizire dokotala. Mwana anaseka. Ine ndinatuluka n'kukalavula pakhomo.

Nditawaitana alamuwo anayang'anitsitsa, nkhope n'kuyamba kuwala.

"Alamu," anatero kwa ine, "mwandipezera chilombo chobisala m'malamulo anga. Miyezi itatu anthu akudandaula, ine osaona pamene pakulakwika."

"Amenewo ndi amayi anga," ndinatero. "Abwezeni."

Anakanda m'mutu, mfundu zikugwera pabatani, nati n'zosatheka, pamalo pajapo palembedwa kale zina. Anafunsanso kuti bwanji sindinasunge malo awiri, poti munthu wanzeru amatero. Bambo a mwana anangoti ndiwakhululukire, ndi akulu, mutu wawo umakhala kutali. Kutali kuti? Dzino lawo analisunga malo atatu, ndinaona ndekha.

Kukonza chilombo chawocho sikunatenge ndi ola lomwe. Mizere isanu ndi umodzi basi, youza kompyuta kuti isanapereke nambala iyambe yaona ngati fayilo ina ili nayo. Anzawo a kutali anawalembera mauthenga owayamikira, iwo n'kumatiwerengera patebulo chakudya chili m'kamwa. Pepani sanamutchule mpaka lero.

Nyimboyo ndimamuimbira mwana ndekha tsiku lililonse kuti isandithawe. Ndime yoyamba ndili nayo yonse. Yachiwiri ndimangong'ung'udza, chifukwa mawu ake sindinawagwire, ndinkati ndidzamvetsera bwino mtima ukakhala pansi. Ndinapita kukafunsa azakhali, alongo awo a bambo anga, amene ankagwirizana kwambiri ndi amayi. Anayesa kawiri, n'kupukusa mutu.