Gitala ya khosi lotakata

Achimwene, mwezi uno wa Juni ndi umene munatisiya, ndipo kuzizira kwake kwandikumbutsa tsiku limene a Jelemiya, mkulu wa kwaya, anandilanda gitala ya kutchalitchi. Zala zanga ndi zonenepa, zozolowera khasu, koma khosi la gitala ija linali lopapatiza, mawaya othithikana. Ndikati ndidine waya mmodzi, ndinkadina awiri. Iwo anati, "Inu bwererani mukakumbe mbatatesi," anthu n'kuseka. Mpaka lero zimandiwawa. Inu simunapite kukakangana nawo. Munazula chitseko cha mlombwa chimene agogo anasema nthawi imene amishoni ankafika kumene ku Bembeke, n'kundipangira gitala yangayanga ya khosi lotakata. Kumutu kwake munaikako kafupa ka ng'ombe kodutsapo mawaya, mipata yake mukuyeza ndi chala changa. Alamu anakalipa kuti nyumba yatsala yosatseka mphepo yonseyi. Inu munati, "Iloleni ilowe, bola mng'ono wangayu aimbe." Nditaigwira, chala chilichonse chinapeza waya wake, ndipo dzanja silinawawenso.

Gitala ija ikulirabe, achimwene. Sabata yatha a Jelemiya, akuyendera ndodo, anabwera okha pakhomo pano kudzandipempha kuti ndikaimbe pa ukwati wa mdzukulu wawo. Mawu oti pepani sanawatchule. Ndinawasiya aime kaye pabwalo, kenako ndinavomera. Loweruka ndikakhala kutsogolo kwenikweni, ndipo nyimbo yoyamba ndikayambitsa ndine.