Nditsitseni, Achimwene

Mbiri yafala pamsewu wathu yakuti Mayi Mabanzi analiza bambo wamkulu wovala tayi m'shopu ya njinga zamoto. Akuti anakwera njinga yatsopano, n'kupinda manja, n'kulumbira kuti satsikapo mpaka mtengo utsike. Wometa tsitsi akuti anakhalapo maola atatu. Wosoka nsapato akuti asanu, ndipo bwana wa shopuyo anachita kugwada. Pofika mwezi wamawa mudzamva kuti anagona pomwepo. Zonsezi ndi mchere wongowonjezera. Nkhani yeniyeni inayenda chonchi.

Mayi Mabanzi ndi munthu wamfupi. Si kunyoza ayi. Mulungu powaumba dothi linachepa, ndiye lotsalalo analiika m'mikono ndi pakamwa. Akaima kuseri kwa tebulo lokandira ufa mumangoona mutu ndi zigongono. Zaka makumi awiri akhala akuphika mabanzi mu uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba yawo, ndipo ana anayi aphunzira sukulu ndi mabanzi omwewo. Amuna awo anapuma ntchito yaulonda. Ndi aatali ngati mzati wa magetsi, ndipo udindo wawo pabizinesiyi ndi kulawa. Amaugwira mokhulupirika.

Mabanziwo mayi ankawayendetsa pa njinga yakapalasa. Theka lake limapita ku kantini ya pafakitale ina, kuseri kwa chitunda. Mawondo atayamba kulira ngati chitseko chakale, anayamba kufika tiyi wa antchito atazizira kale. Mwini kantini sanabise mawu. Anati Lolemba likubwerali akachedwanso, apeza wina wowaphikira.

Kuyendetsa njinga yamoto anaphunzira kale pa kanjinga ka alamu awo, laisensi ali nayo. Ndalama anasunganso, koma mtengo unali ngati shelefu yapamwamba ya kukhitchini kwawo: amaiona, kufikira ayi. Loweruka anavala diresi lawo labuluu, lothina lija, poganiza kuti munthu wotchena sauzidwa mtengo wachipongwe. Anatengana ndi bambo wa kunyumba, ulendo wa kushopu.

Pageti bambo aja anapeza mlonda amene ankagwira naye ntchito kale.

"Lowani mayi, ndikupezani pompano," anatero akukhala pabenchi.

Pompano wa alonda ndi wautali. Mayi analowa okha.

M'katimo matailosi ankachita kuwala. Njinga khumi ndi ziwiri zinaima pamzere, ndipo pakati, pa kansanja, panali yofiira ili pasitandi yake. Wogulitsa anabwera akusisita tayi, fungo la perefyumu litatsogola.

"Musangoiona, mayi, ikwereni muimve," anatero, n'kuwaikira kampando kopondera.

Anakwera. Chishalo chofewa ngati banzi la m'mawa. Atagwira mahandulo anaona chitunda chija chikugona pansi chokha. Kenako wogulitsa anatchula mtengo. Ali mkati mosinkhasinkha, mayi wokolopa anadutsa ndi ndowa yake, n'kunyamula kampando kaja kupita nako kuseri.

Mayi Mabanzi anayang'ana pansi. Kutali, komanso ponyowa. Kudumpha, diresi lija likanang'ambika anthu akuona. Kupendekeka pang'ono, yofiirayo ikanagwera inzake, inzakeyo inzake, mpaka zonse khumi ndi ziwiri, ndiye akanaphika mabanzi mpaka kumanda. Pageti amuna awo anali pakati pa nkhani ya akuba a makedzana, manja ali m'mwamba.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, manyazi atawagwira, "nditsitseni."

Khutu la munthu wogulitsa limamva nyimbo imodzi yokha. Iye anamva kuti nditsitsireni.

"Pepani mayi, kuno sititsitsa."

"Simutsitsa?"

"Aliyense. Ndi lamulo la kampani."

"Nanga mumakwezeranji ngati simutsitsa?"

"Sitinakweze ndife. Anakweza ndi kumene timaodako."

"Inu, si mwandikweza ndinu pompano, ndi manja anu omwewo?"

"Ine? Mtengo umenewu ulipo kuyambira mwezi watha, mayi."

Atamva mawu akuti mtengo, m'mutu mwawo munayera. Anatsegula pakamwa kuti aseke, alongosole. Anakumbukira Lolemba, n'kutsekanso. Munthu wokanda ufa amadziwa kuti ukayamba kutupa suuvundukula. Anadzikonza bwinobwino pachishalo, kachikwama n'kuika pamwendo.

"Chabwino. Ndikhala pompano."

Analowa makasitomala ena, bambo ndi mkazi wake, akufuna kuona yofiira yomweyo. Mayi anawapatsa moni ali pamwamba ngati mwini nyumba, n'kuwafunsa za ana. Anawauzanso kuti zakuda zili pamzerezo n'zabwino, sizionetsa fumbi. Wogulitsa anamasula tayi pang'ono. Anapempha, ananyengerera, anatchula za mafuta kukwera. Mayi ankangovomera ndi mutu, poti zonsezo zinali zoona. Pomaliza anapita kukaitana bwana.

Bwanayo anali mayi wa magalasi, woyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene waona makasitomala a mitundu yonse.

"Amayi, ndamva kuti mwatilanda njinga. Tikupatsani helemeti yaulere, nkhani ithe."

"Helemeti ndilandira, zikomo. Koma chimene chaperewera si mutu wanga."

Bwana anamwetulira. Anafunsa kuti mayi ali ndi zingati, anamuuza. Anafunsanso kuti njingayo ndi ya ntchito yanji, ndipo anamva za kantini, za chitunda, za mawondo, ndi za Lolemba. Sikuti chisoni chinamugwira ayi, anthu a magalasi chisoni amasiya kunyumba. Chimene anamva iye n'chakuti m'mawa uliwonse njinga imeneyi izidutsa m'misewu yonse, pamsika, pasukulu, mpaka pageti la fakitale yodzaza amuna opalasa njinga.

"Iyi yakhala pachionetsero miyezi itatu, aliyense waigwiragwira," anatero bwana. "Itengeni pa ndalama zanuzo. Koma pa bokosi la mabanzi timatapo dzina la shopu yathu, zilembo zazikulu."

"Matani ngakhale kumsana kwanga."

Zonsezi sizinakwane ngakhale ola limodzi, ndipo palibe anagwada.

"Tsikani tsopano tikalembe mapepala."

"Kutsikako ndimafuna kalekale, bwana. Ndinapempha achimwenewa kuti anditsitse, anandiuza kuti kampani silola. Kampando kaja kanapita ndi okolopa."

Bwana anayang'ana miyendo ya mayi ikulendewera m'malere, anayang'ana wogulitsa, n'kuvula magalasi kuti aseke bwino. Wogulitsa naye anaseka mpaka kupukuta maso ndi tayi. Misozi imene mukumva ija ndi imeneyo. Mwina inali ya kuseka, mwina ya zina, tayi yekha ndiye akudziwa.

Nthawi yomweyo bambo wa kunyumba anatulukira, nkhani ya akuba itatha. Ananyamula akazi awo m'khwapa ngati thumba la ufa, n'kuwaimika pansi.

"Mwagula? Si ndinanena ine kuti tikapita awiri zinthu ziyenda."

Lolemba mayi anafika pakantini madzi a tiyi asanawire. Mwini kantini anachita kuyang'ana wotchi kawiri. Kuyambira pamenepo sanachedwepo. Chishalo anakachepetsa kwa wokonza mipando, moti akaima pamphambano zala za kumapazi zimagunda pansi, pang'ono pokha, koma zimagunda. Mawondo analeka kulira. Lamulungu amakweza amuna awo kumbuyo kupita kukaona adzukulu, bambo mawondo ali m'makutu, akupereka malangizo a kayendetsedwe amene palibe amawamva chifukwa cha helemeti. Madzulo mayi amapukuta yofiirayo ndi kansalu kakekake, kamene munthu akapukutira manja ndiye waputa nkhondo.

Tsiku lina wometa tsitsi uja anawaimitsa pakhomo pa shopu yake, n'kutsamira bokosi la mabanzi.

"Amayi, tiphunzitseni nafe. Akuti munaliza munthu mpaka anatsitsa mtengo."

Mayi anakweza galasi la helemeti, injini osazimitsa.

"Ndilize munthu ine, ndili ndi nthawi? Ndinangomuuza kuti anditsitse. Akanakhala ndi makutu bwenzi ndikupalasabe. Mugula mabanzi kapena mwangonditsekera njira?"