Mkwati Wanga Anatsalira ku Ayezi

Ndinadziwana naye chifukwa cha lole ya buledi. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa bekale ina ya ku Chilomoni, ndipo udindo wanga unali woonetsetsa kuti buledi akapsa akwere lole, loleyo inyamuke. Kunena n'kosavuta. Ophika ankati madalaivala ndi aulesi, madalaivala ankati ophika amasinza pa uvuni, ine pakati kulandira mateche a mbali zonse. Tsiku lina lole inafera pa geti buledi ali m'kati, ndipo anaitana makaniko wa ku Ndirande, wamtali, wosalankhulalankhula, manja ali bii ndi oyilo. Atamaliza ndinamupatsa buledi wotentha pomuthokoza. Iye anati buledi wopanda tiyi amatsamwitsa. Ndinamuphikira tiyiyo, ndipo sabata yotsatira anabweranso ngakhale kuti lole inali bwinobwino.

Patapita nthawi anapita ku Joni ngati anzake ambiri, kenako anatsetserekera ku Cape Town kumene ankakonza mainjini kudoko. Chibwenzi chathu sichinathe. Anali munthu wosunga mawu, ndipo izi ndikuzinena poyambirira kuti wina asamuweruze molakwa.

Chaka china anandiimbira foni kuti wapeza ntchito ya miyezi yochepa ku Antakitika, kumunsi kwenikweni kwa dziko, kumene kulibe mtengo kapena udzu koma madzi oundana okhaokha. Kumeneko ankafuna munthu wokonza mathirakitala amene amakoka katundu wa akatswiri ofufuza. Nditawauza mayi anga, anasiya kusankha nyemba n'kundifunsa.

"Nanga kumeneko amalimako chiyani?"

"Salima, amayi. Amaboola pansi n'kumayeza."

"Anthu ophunzira amavutika bwanji," iwo anatero, n'kupitiriza kusankha nyemba. Kuyambira tsiku limenelo kwathu ku Zingwangwa dziko lija linkangotchedwa ku ayezi.

Anandifotokozera kuti kumeneko kuli mabwana a mitundu iwiri. Pali a sayansi, amene amasankha zoti zifufuzidwe komanso malo oti akaboole. Ndiye pali a zamaulendo, eni sitima zapamadzi, ndege, mafuta ndi chakudya. A sayansi sangasunthe popanda a zamaulendo, ndipo a zamaulendo alibe chopitira kumeneko popanda a sayansi. Komanso mayiko amabwerekana zinthu: ndege ya awa imanyamula anthu a awo, thirakitala ya awo imakoka mahema a ena. Ndinamuseka. Ndinati usandiopseze ndi Chingerezi chambiri, amenewo ndi ophika ndi madalaivala basi, ndimakhala nawo tsiku lililonse. Anaseka, n'kuvomereza kuti n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko lole ikafa anthu amafa nayo.

Asananyamuke anatuma amalume ake kwa amalume anga. Amalume ake anali bambo wa ku Ndirande amene anakhalapo kumigodi ali mnyamata, wovala chipewa ngakhale m'nyumba, wodziwa chilichonse. Amalume anga anali mkulu wa mpingo wa ku Bangwe, munthu wofatsa pakamwa koma wouma mutu ngati chitsa. Awiriwa anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike mu Febuluwale, chifukwa mnzangayo anali atalonjezedwa malo m'ndege yochoka ku ayezi kumapeto kwa Januwale.

Masabata oyamba tinkalankhulana pafoni. Ankanditumizira zithunzi atavala ngati thumba la makala, maso okha kuoneka. Ankadandaula kuti dzuwa sililowa, ndipo tulo amachita kupempha. Ine ndinkamuuza za nsalu imene ndinasankha ku Limbe, ndi za azakhali anga a ku Phalombe amene anali atayamba kale kuphunzitsa atsikana nyimbo. Ndinali wosangalala, ndipo sindinkabisa.

Chakumapeto kwa Januwale anandiuza kuti pabuka vuto. Gulu la ofufuza a dziko lina, limene linali kutali m'kati mwa ayezi, thirakitala yawo inali itawonongeka ntchito isanathe. Mabwana a mbali ziwiri zija anali kukambirana zoti abwereke makaniko. "Akanditumiza, kumeneko kulibe netiweki," anatero, "koma usade nkhawa. Zikasintha, a ku ofesi adziwitsa kunyumba." Kenako foni yake inangoti zii.

A ku ofesi anadziwitsadi kunyumba. Zimenezi ndinazidziwa pambuyo pake. Iwo amaimbira wachibale mmodzi yekha, ndipo popeza tinali tisanakwatirane, wachibaleyo anali amalume ake. Anawauza momveka bwino kuti mphwawo ali bwino, koma ndege imusiya, adzabwera pa sitima mu Malichi. Amalumewo anamva zonse. Anathokoza, n'kuika foni m'thumba, osauza munthu.

Ndinkawaimbira pafupifupi tsiku lililonse. "Mayi, khalani phee," ankatero. "Zonse zili m'manja. Mkwati saonekera chisawawa ngati wogulitsa tomato." Lachisanu, mawa lake kuli chinkhoswe, anati ndisavutike, mwambo uyenda. Sananame mwachindunji, ndipo mpaka lero amanyadira zimenezo. Ine ndinaganiza kuti mnzangayo wafika ndipo akufuna kundidzidzimutsa, chifukwa anali ndi kamtima koteroko.

Loweruka kunagwa mvula m'mawa, kenako kunacha. Holo ya tchalitchi chathu inadzaza, nsapato za anthu zili matope okhaokha. Atsikana tinalowa titafunditsidwa zitenje, a kuchimuna anavundukula woyamba, wachiwiri, anthu kuseka, mpaka anandipeza ine. Nthungululu zinalira. Ndinaima kutsogolo kudikira kuti nawonso alowetse amuna.

Analowa atatu atafunda nsalu kumutu. Azakhali anga anavundukula woyamba: kamdala kopanda mano, holo yonse inafa ndi phwete. Wachiwiri anali mnzake wa mkwati, wa ku galaja. Wachitatu anali wamtali, atavala suti imene ndinkaidziwa, chifukwa ndinali nditaitenga ndekha kwa telala. Ndinayamba kumwetulira nsalu isanachoke. Itachoka, ndinaona nkhope ya msuweni wake, dalaivala wa minibasi, bambo wa ana atatu, akutuluka thukuta n'kumayang'ana pansi.

Anthu anasekanso, poganiza kuti ndi nthabwala ina. Onse anatembenukira kukhomo kudikira wachinayi. Oimba anapitiriza nyimbo, kenako anayamba kutsitsa mawu mmodzimmodzi. Pakhomo panalibe munthu.

Apo amalume ake anaimirira, n'kukonza chipewa. Anafotokoza modekha kuti mnyamata wachedwa ku ntchito, ndipo palibe chodabwitsa. "Ife m'masiku a kumigodi tinkakwatira tili ku Joni," anatero. "Mbale wako amakuimira, ankhoswe amapatsana nkhuku, basi ukwati wamangidwa. Amamanga banja ndi ankhoswe, osati ana. Tambala ndi uyu."

Tambalayo analidi pompo, m'manja mwa mayi wina, atamangidwa miyendo.

Amalume anga sanakweze mawu. Anafunsa kuti, "Achimwene, munadziwa liti?" Atamva kuti papita masabata, anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa ine. "Mwanawe, tilandire?"

Ndinayang'ana suti ija ili pathupi la mwamuna wa mwini. Ndinayang'ana anzanga a ku bekale, ena atakweza mafoni kujambula. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali mkwiyo wotentha. Ndinati ayi. Ndinatuluka, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba, nsalu yanga yatsopano ikukwekwereza m'matope, ana a m'njira akundilondola. Thobwa lonse limene tinaphika anamwa ndi anthu oyandikana nawo nyumba.

Mnzangayo anafika mu Malichi monga ananenera a ku ofesi. Anabwera ku bekale nkhope itapsa ndi dzuwa, milomo itang'ambika. Nkhani yonse anaimvera pa sitima, netiweki itabwerera, kudzera pa kanema amene wina anamutumizira. Tinakhala pa benchi kuseri kwa uvuni. Analira, ine ndinali ndisanamuonepo akulira.

"Ndinawauza a ku ofesi kuti pali chinkhoswe," anatero. "Bwana wa sayansi anachita kubwera yekha kudzandipepesa. Wa zamaulendo anandilonjeza kuti aimba foni tsiku lomwelo, ndipo anaimba. Anthu aja amakangana, iwe, mpaka kumenya matebulo. Koma m'mawa uliwonse amakhala pamodzi, uyu anene zake, uyo anene zake. Uthenga unadutsa nyanja yonse ija bwinobwino, n'kudzafera pa Ndirande."

Ndinamukhululukira pomwepo, chifukwa panalibe choti ndimukhululukire. Tinagwirizana kuti chinkhoswe chichitikenso, chaching'ono, cha panyumba. Tinkaona ngati ndi nkhani ya sabata imodzi.

Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Athuwa anali mphepo. Amalume anga anati palibe chichitike mpaka a ku Ndirande abwere ku Bangwe kudzapepesa pamaso pa abale. Amalume ake anati iwo sanalakwe, anatsata mwambo, ndipo amene anachititsidwa manyazi ndi iwo pobwerera ndi tambala m'manja, choncho a ku Bangwe ndi amene akwere minibasi. Kuchoka ku Bangwe kufika ku Ndirande ndi minibasi ziwiri zokha. Mnzangayo anayenda njira imeneyo mpaka makondakitala anamuzolowera, uku kugwada, uko kugwada. Ine ndinatuma mayi anga, ndinatuma azakhali, ndinatuma ngakhale abusa. Aliyense ankabwerako ndi yankho lomwelo: ayambe ndi iwowo. Ine amene ndinkatha kugwirizanitsa ophika ndi madalaivala m'bandakucha uliwonse, madala awiri anandikanika.

Miyezi inapita. Chisanu chitatha, a zamaulendo anamuitananso, ndipo panthawiyi ankafuna kuti akakhale chaka chathunthu. Anabwera kunyumba madzulo ena dzuwa lisanalowe, n'kuima pa mpanda.

"Tiye kwa DC," anatero. "Tikasaine awiriwiri. Madalawa adzatipeza kutsogolo."

"Ukwati wopanda ankhoswe? Tikadzayambana ndidzathawira kwa ndani?"

"Sitidzayambana."

"Aliyense amatero. Ine ndinatuluka m'holo anthu akuona. Ndikufuna ndidzalowenso anthu akuona, osati mozemba ngati ndaba."

"Sitima sidikira munthu," iye anatero motsitsa mawu.

"Ndiye pita nayo sitima yakoyo."

Sindikunena kuti ndinalakwa. Mtsikana aliyense wa kwathu akanayankha chimodzimodzi, ndipo mayi anga anati ndinayankha ngati munthu woleredwa. Koma mawu omalizawo ndimawamvabe m'khutu, ndipo amandipweteka. Ndinkaganiza kuti abweranso mawa lake, monga ankachitira nthawi ya lole. Anapita. Chaka cha ku ayezi n'chachitali, mafoni anayamba kutalikirana, ndipo nkhani zathu zinatsala za moni ndi za nyengo. Atatuluka kumeneko sanabwere ku Blantyre, anakhazikika ku Cape Town.

Chaka chatha kunali maliro ku Bangwe, a mayi wina wa mumpingo amene anali ndi achibale ku Ndirande. Ndinali kumbali ya azimayi, tikutsuka mbale. Nditadzutsa mutu ndinaona amalume anga atakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo pambali pawo panali chipewa chija. Malo anali ochepa, wina anangowakhazika pamodzi osadziwa. Ndinasiya mbale n'kumayang'ana. Poyamba aliyense anayang'ana kwake. Kenako wina ananena kanthu, winayo anayankha. Posakhalitsa ndinaona mapewa akugwedezeka, akuseka mobisa poti panali pamaliro. Mbale za chakudya zitafika, anasamba m'beseni limodzi.

Anthu akubalalika, amalume anga anandikodola. Nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wagwira ntchito yaikulu.

"Mwanawe, nkhani ija takambirana ndi achimwenewa. Inali nkhani yaing'ono, kusamvana chabe. Iwo avomera kuti akanatiuza, ifenso tavomera kuti tinaumitsa mutu. Ndiye umuuze mnyamata uja abwere, tikonze tsiku."

A chipewa anagwedeza mutu kumbuyo kwawo, akumwetulira.

"Amalume," ndinatero, "mnyamata uja ali ndi mkazi. Mwana wawo wayamba kuyenda."

Anayang'anana. A ku Ndirande anati iwo anamva mphekesera koma sanafune kuvutitsa anthu nazo. Amalume anga anangoti, "Aa, zachitika msanga bwanji."

Ndinabwerera ku mbale zija, chifukwa zinali zidakali zambiri.