Mabuloko a Tenti ya Maliro

Ntchito yanga yoyamba mu Lusaka ndinaipeza chifukwa cha msana, osati mutu. Ndinali nditangofika kuchokera ku Katete, ndikugona kwa alongo anga ku Chawama. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, amayi Zulu, mtsogoleri wa gulu la amayi, anandiona nditasenza mabenchi awiri paphewa. Anandiyang'ana ngati akugula ng'ombe, nandifunsa ngati ndimaopa maliro. Ndinati ayi, mtima ukuti inde, koma njala inali itandikwana.

Mpingo wathu unali ndi tenti imodzi yobiriwira, mapaipi ake, zikhomo zachitsulo, nyundo, zingwe, mabenchi, mapoto akuluakulu ndi wilibala ya tayala lolira. Mkhristu akamwalira, ine ndinkakankha zonsezo kupita nazo kusiwa. Ukafika suyambira tenti. Umayamba watulutsa katundu wa pabalaza, mipando, tebulo, wailesi yakanema, kuti amayi apeze pokhala pansi ndi namfedwa. Kukomboni kulibe malo, choncho katunduyo timakasungitsa kwa anansi, ndipo amabwerera maliro akatha. Ukatero ndiye uimike tenti ya abambo panja. Nthaka ya ku Chawama ili ndi mwala pansi, chikhomo chimangopindika, moti zingwe ndinkazimangirira ku zidutswa za mabuloko.

Amayi Zulu anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalibwereza mpaka kundibowa. "Pamaliro usayankhe munthu amene akalibe kulira." Ine ndinkangoti ndi zonena za akuluakulu.

M'dzinja lina kunamwalira kalipentala wa mumpingo mwathu, nasiya mkazi wake, amake Taonga, ndi ana ang'onoang'ono. Ndinachita monga mwa masiku onse. Mipando ndinaika kunyumba yoyandikana, makina osokera ndi zida za malemu kunyumba yakumbuyo, tenti n'kuimika. Chakumasana minibasi inatsitsa abale a malemu ochokera ku Kitwe. Patsogolo panali mkulu wake, ba Chanda, munthu wojintcha, maso ali psu. Sanalowe m'nyumba. Anangosuzumira pakhomo, naona pabalaza pali mbee, amayi okhaokha pansi. Pambuyo pake ndinamva kuti panjira wina anali atawauza zoti akazi a mu Lusaka amabisa katundu mwamuna asanaikidwe.

Ba Chanda anafunsa amene watulutsa zinthu, ndipo wina analoza ine.

Anandigwira pakolala, kundinyamula mpaka ndinaima ndi zala. "Vinthu va mufana wanga vili kuti?" Lamulo la amayi Zulu linauluka. Ndinayamba kufotokoza mwachibwibwi, kuloza nyumba iyi, kuloza iyo, ndipo m'mene ndinkalozera ndi m'menenso ndinkaonekera ngati mbava imene yagawana katundu ndi anzake. Pamenepo ba Chanda anakuwa kuti kawalala.

Amene simunakhalepo kukomboni, mawu amenewa muziwaopa. Kawalala ndi wakuba, ndipo akakuwa choncho palibe amafunsa kuti waba chiyani. Ndinali nditaonapo kale pafupi ndi msika chimene chinatsala cha munthu wina, phulusa la tayala ndi nsapato imodzi. Tsopano anthu ankathamangira kwa ine, otuluka m'mabala, ogulitsa makala, ena osadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani. Khofi loyamba linanditseka khutu. Kenako ndinaona tenti yanga ikuwerama mbali imodzi, ndipo ndinazindikira kuti akumasula mabuloko aja. Mmodzi mwa onyamula anali ba Mwanza, woimba besi m'kwaya yathu, munthu amene ndinkakhala naye benchi imodzi. Buloko anali nalo kudzanja lamanja, nkhope ngati sanandionepo.

Sindibisa, mkodzo unatsika. Ndinafuna kupemphera koma pemphero lonse linathawa, kunangotsala dzina la Yesu. Ndinaganiza za alongo anga, kuti adzandizindikira ndi chiyani. Wina kumbuyo anali atayamba kale kufunsa za petulo.

Amayi Zulu anatuluka m'nyumba atavala bulauzi yawo yoyera ya gulu la amayi. Ndinayembekeza kuti anena kuti mwanayu ndi wa mpingo, sanabe. Sananditchule ngakhale pang'ono. Anagwada m'matope pakati pa ine ndi ba Chanda, nawagwira m'mawondo.

"Ba Chanda, mufana wanu wagona, simuzamuonanso. Ngenani mulire."

Atawauza choncho kuti alowe akalire, anabuma maliro, kutchula malemu dzina lake laubwana. Mwambo wake ndi womwewo, mbale akafika kuchokera kutali amayi amayambiranso kulira kuti amulandire, ndipo iye sayenera kukamba chilichonse asanalire. Ba Chanda anali ataudumpha mwambo umenewu. Amayi a m'nyumba analandira kulirako, amake Taonga akumveka pamwamba pa onse, ena akuyamba nyimbo ya m'buku pansipansi.

Ndinamva dzanja la pakolala likufooka. Kenako bambo uja anafuula kuitana mng'ono wake, mawu osweka, nalowa m'nyumba chowerama amayi Zulu atawagwira mkono. Gulu lija linasowa chochita. Munthu sangaponye mwala pamene anzake akubuma. Ena anavula zisoti, ena anabwerera kumowa wawo, mabuloko n'kugwera m'matope.

Ine ndinakhala pansi pomwepo. Amayi Zulu atatulukanso, bulauzi ili thope lokhalokha, anangondiuza kuti ndikasinthe buluku kenako ndimange tenti, mvula ikubwera. Ndinatola mabuloko omwe aja n'kumangiriranso zingwe. Maliro atatha, akulu ampingo anayenda ndi ba Chanda nyumba ndi nyumba, naona katundu yense ali bwinobwino. Kupepesa sanapepese, ndipo ine sindinalimbe mtima kuwayang'ana kumaso.

Ntchitoyo ndinaigwirabe zaka zingapo, ndipo sindinayankhenso munthu amene sanalire. Koma chimene chinandivuta koposa chinadza Lamulungu lotsatira maliro aja. Ba Mwanza anabwera kudzakhala pabenchi yathu yomwe ija, maso pansi. Itafika nthawi yopatsana moni wa mtendere, anatambasula dzanja lamanja. Ndinafuna kuthawa. Ndinayang'ana kutsogolo, ndipo amayi Zulu anali atacheuka, akundiyang'anitsitsa. Ndinaligwira dzanjalo.