Geti la ku Noordhoek

Amalume anga a Yusufu, mlongo wawo wa mayi anga, anandimenya mbama pamaso pa mzungu wa ku Noordhoek chifukwa cha geti limene analiwononga iwo eni. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, chaka chimene mavuvuzela ankasokosa Joni yense. Anali atanditenga ku Machinga ndili sitandade 7, atawalonjeza mayi kuti ndikapitiriza sukulu ku Kepu. Sukulu yake inali kunyamula zitini za penti pambuyo pawo.

Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo, mageti ndi zotchinga m'mawindo. Mzungu uja, madamu mwini nyumba, ankafuna geti lake lipakidwe penti imene ife timaitcha ya hamala, imene ikauma chitsulo chimaoneka ngati wina wachigogoda ndi nyundo paliponse, timaenje tating'ono tonyezimira. Penti imeneyi sifuna kusisitidwa. Umaitakasa bwino m'chitini, kuipaka yochindikala, n'kuisiya. Timaenjeto timatuluka tokha. Ukabwereza burashi kawiri katatu pamalo amodzi, wafafaniza zonse. Izi anandiphunzitsa ndi iwowo, sindingawanamizire.

Chimene sankachidziwa ndi zimene zinalembedwa kumbuyo kwa chitini, poti Chingerezi sankawerenga. Ine ndinkatolako pang'ono. Panalembedwa kuti ukapaka koyamba, ubwereze tsiku lomwelo maola ochepa asanathe, ndipo ukachedwa udikire milungu ingapo kuti iumiretu.

Tinapaka koyamba Lachisanu m'mawa. Masana tinapita kumzikiti, ndipo titatha kuswali amalume anakhala pansi ndi anzawo akumudzi, nkhani iyi ikatha kubwera ina, mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawakumbutsa kamodzi, anangondiponyera diso. Loweruka m'mawa anati tibwereze. Ndinawaonetsa chitini, chala changa chili pamzere womwewo.

"Iwe wa sitandade 7 undiphunzitse ine penti? Paka."

Ndinapaka. Pofika masana geti linali litachita makwinya kuchokera pamwamba mpaka pansi, penti yatsopano itatukusa yapansi ija, ngati khungu la munthu wopsa ndi madzi otentha. Madamu anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, n'kuima chilili. Amalume sanachedwe. M'Chingerezi chawo chothyokathyoka anamuuza kuti mnyamatayu wathira tinala, mankhwala osungunulira aja, m'penti iwo atapita kumbali. Kenako mbama. Khutu linalira, fungo la penti lili tho m'mphuno. Madamu anayang'ana kwina, nati asadzandionenso pabwalo pake.

Geti tinalizula n'kupita nalo ku Masiphumelele kumene tinkagona. Masiku atatu ndinalipala ndekha kunja kwa chisakasa chathu cha malata, ndi burashi ya waya ndi sandipepa, mphepo ya ku Kepu ikundithira mchenga m'maso, tinala akuluma m'zala zong'ambika. Aliyense wodutsa ankamva nkhani yomweyo kuchokera kwa amalume. Zonsezo ndikanazimeza. Chimene sindinameze ndi foni.

Anaimbira mayi ine ndili pomwepo, n'kuwauza kuti mwana wawo ndi wosamva, wawawonongera dzina kwa azungu. Atandipatsa foniyo, mayi sanandifunse n'komwe chimene chinachitika. Anangoti, mawu ali pansipansi, "Jafali, usamuchititse manyazi mlongo wanga. Wakutola uja." Ndinayamba kufotokoza za chitini, koma dzanja la amalume linali litafika kale kulanda foni yawo.

Patatha zaka ziwiri ndinawachokera n'kukakhala ku Nyanga, ku Kepu komweko, kumapenta ndekha. Ndili ndi mtima wapachala, ndamenyanapo ndi anthu pamzere wa minibasi chifukwa cha kupondana kokha, koma kwa amalume lilime linkandiuma. Ndinayesa kawiri kuwauza mayi zoona. Ankangoti zakale ndizisiye, munthu wamkulu ngati uja angandinamizire chifukwa chiyani. Mayi anamwalira ine ndisanapondeko kumudzi.

Chifukwa chakecho tsopano ndikuchidziwa, ngakhale sichindiziziritsa mtima. Amalume ankamuopa madamu uja kuposa mmene ankaopera bodza. Munthu wamkulu akagwidwa ndi mantha pamaso pa bwana amayang'ana pansi, kufuna wamng'ono woti amusenzetse, ndipo tsiku limenelo pansipo panali ine. N'chifukwa chake lero geti la munthu likandichitira makwinya ndimagogoda ndekha pakhomo n'kunena kuti ndalakwitsa ndine. Andikalipire, bola asasenze wina.

Tinakumananso pa Idi ku Langa, kunyumba kwa m'bale wina, patatha zaka zisanu ndi ziwiri chichitikire za geti zija. Anali atawonda, maso akuchepa mphamvu. Tikudya mpunga anandigwira paphewa n'kuuza anthu kuti uyu ndinamuumba ndine, anabwera wosadziwa kugwira burashi. Anthu anaseka. Kenako anatsitsa mawu, nati apeza geti lalikulu lofuna penti ya hamala, manja awo akunjenjemera masiku ano, ndikawathandize monga mphwawo. Ndinasamba m'manja, ndinachotsa dzanja lawo paphewa panga, n'kuyankha mokweza kuti onse amve.

"Malume, mlongo wanu wapita kumanda akuganiza kuti anabala chitsiru. Munali ndi zaka zonsezi zoti mumuuze kuti munanama. Geti lanulo mukapente nokha."