Mayi Telala ndi Zilembo za Zigamba

Mayi Telala, amene tawaika m'manda sabata yathayi, anali mwana wachisanu wa mmisiri wa matabwa. Sukulu anaiyamba ndi chimwemwe, koma zilembo zinkangowayendayenda pa bolodi ngati nyerere. Anakhala zaka zitatu m'kalasi imodzi, pa benchi yakumbuyo pafupi ndi matsache. Pomaliza mphunzitsi anauza bambo awo kuti, "Mwanayu mutu wake ndi wouma, musataye naye nthawi." Bambowo anangoti zikomo, n'kumugwira mwana dzanja.

Kusoka anaphunzira kwa azakhali awo. Miyeso ya makasitomala ankaisunga m'mutu, osaphonya. Kutchalitchi sankajomba. Buku la nyimbo ankaligwira ngati anzawo, akuimba za pamtima, ndipo akapemphedwa kuwerenga ankati aiwala magalasi. Bodza limeneli linkawapweteka kuposa msana. "Ambuye anandilembera kalata," ankatero, "ine n'kumadikira ena andiwerengere."

Atakwanitsa zaka makumi asanu, amuna awo atamwalira kale, analowa sukulu ya akuluakulu. Choko chinawakananso. Tsiku lina, atatopa nazo, anadula chilembo pa chigamba n'kumachisisita ndi chala atatsinzina. Chala chinagwira zimene diso linalephera. Salimo limodzi linawatengera zaka zinayi.

Sanadye okha. Anapempha kachipinda ka kutchalitchi kosungiramo mipando yothyoka, ndipo Loweruka lililonse masana ankafika ndi thumba la zilembo za zigamba. Ankaphunzitsa anthu amene sukulu inawalavula. Ambiri ankabwera kawiri katatu n'kuzimiririka chifukwa cha manyazi. Ife a komiti ya mpingo, tisabise, kawiri konse tinafuna kuwalanda kachipindako.

Amene anawatha mphamvu ndi mlonda wa pafakitale, bambo wa imvi. Zimene waphunzira Loweruka, pofika Lolemba zauluka. Zaka zisanu ndi chimodzi!

"Mayi, ndisiyeni," ankadandaula mlondayo. "Ine ndine mwala."

"Sizasi timanolera pa mwala womwewo. Khalani pansi, achimwene. Sindifa musanawerenge."

Koma thupi silimva malonjezo. Maso anachita chidima, miyendo inatupa, mpaka anagona osadzukanso. Mwana wawo wamkazi akuti mayiwo sankadandaula za ululu, ankangofunsa za mlonda uja.

Lachinayi m'mawa mlondayo anafika kuchokera kuntchito, Baibulo lili m'khwapa. Anatsegula salimo limene ankaphunzira, n'kuyamba mothamanga.

"Iyayi," anatero mayiwo chapansipansi. "Limenelo mwaloweza. Wakuba sabera wakuba mnzake. Mwanawe, atsegulire pena."

Mwanayo anatsegula pakatikati n'kuloza mzere. Mlonda anaika chala. Thukuta linatsika. Liwu loyamba linatuluka, lachiwiri linakana, analibwerera katatu. Mayiwo sanamuthandize. Mlondayo anafika pa mpumiro patapita nthawi yokwanira kusoka mpendero wa diresi.

"Walondola?" anafunsa mayiwo.

"Mawu onse asanu ndi awiri, amayi," anayankha mwanayo akulira.

"Basi. Ndatopa, abale inu. Thumba lija mutenge ndinu, achimwene. Loweruka musachedwe."

Anapempha madzi, anapemphera pang'ono, ndipo dzuwa lisanafike pamutu anatisiya mwakachetechete.

Loweruka mlondayo anatsegula kachipinda kaja. Kunabwera anthu atatu. Iye amadziwa zochepa, ndipo anawauza zimenezo poyambirira, asanamasule thumba.