Anatsogola Ndi Alamu Anga

Abishopu anandipempha kuti ndilembe za moyo wa a Loya m'kalata ya mpingo ya mwezi uno. Ndinakana kawiri, popeza ine si wa mpingo wanu. Kachitatu anabwera ndi akazi a malemuwo, ndipo ndinasowa pothawira. Ndine telala. A Loya anali mlongo wake wa malemu mkazi wanga, ndiye kuti alamu anga. Ndinawadziwa zaka makumi anayi, ndipo zaka zonsezo ndinkawachitira nsanje. Ndaneneratu kuti musavutike kufufuza.

Za ubwana wawo ndinazimva kwa mkazi wanga mpaka makutu kuwawa. Anali oyamba mwa ana asanu. Bambo awo anamwalira iwo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo m'mawa ankapita kusukulu, masana n'kumanyamula katundu wa anthu pamalo okwerera basi. Mvula ikagwa ankavula nsapato, n'kubereka mlongo wawo wamng'ono mpaka pakhomo la kalasi. Mlongo ameneyo ndiye ndinadzakwatira ine. Ine sindinamuberekepo, ndipo ankandikumbutsa.

Anabatizidwa mu mpingo wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, uja anthu amati wa Amormoni, akuphunzira zamalamulo. Mlongo wawo anawatsatira m'madzimo. Ine ndinakana. Akabwera kwathu ndinkawathirira tiyi dala, ndikudziwa kuti mpingo wawo sulola. Iwo ankangoseka: "Alamu, ndipatseni madzi otentha okha. Masambawo musungire ochimwa." Makapu onse awiri ndinkamwa ndine.

Mkanjo wawo wakuda wa kukhoti ndinasoka ndine, ndipo ndinausokerera zigamba katatu. Unkang'ambikira pathumba, chifukwa ankapanikizamo makalata a anthu amene maloya ena ankawabwezera pakhomo: amasiye olandidwa nyumba, alonda ochotsedwa ntchito. Akuluakulu a kumene ankagwira ntchito atawauza kuti asainire chikalata chokhala ndi tsiku labodza, anabweza cholembera. Anachotsedwa. Anakatsegula kaofesi pamwamba pa sitolo ya utoto, tebulo limodzi, mipando itatu, mafayilo ali m'makatoni. Ankati, "Dzina ndilibe lina losinthira."

Lolemba lililonse ankatseka msanga kuti akaimbe ndi kupemphera ndi ana awo asanu ndi mmodzi. Mwana wawo wachiwiri atafa pa ngozi ya galimoto, Lolemba lotsatira anasonkhanitsabe otsalawo. Mawu sankatuluka, koma milomo inkayenda.

Kunyumba kwanga dzina lawo silinkasowa, ngati mchere. "Achimwene satero." "Achimwene amatsuka mbale." Tsiku lina ndinati, "Bwanji simunakwatiwe ndi achimwenewo?" Mkazi wanga anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Iwo ukwati wawo anakamanga m'kachisi, wopitirira manda. Wathuwu, bambo, udzathera pamaliro. Inu munangondibwereka." Ndinapondaponda makina anga.

Mkazi wanga atadwala kwambiri anapempha dalitso la odwala. Mu mpingo wanu mwamuna wodzozedwa unsembe amatha kudalitsa mkazi wake. Ine mphamvu imeneyo ndinalibe. A Loya anabwera ndi mnzawo wa kumpingo, anamasula kabotolo ka mafuta kamene kankakhala ku makiyi awo, anadontheza pamutu pa mkazi wanga n'kusanjikapo manja. Ine ndinaima pakhomo la chipinda changa chomwe, nditagwira beseni. Nkhope yake inafewa, chinthu chimene manja anga analephera mwezi wonsewo. Pakamwa ndinathokoza. Mumtima ndinkafuna kuwakankha.

Mkazi wanga anamwalira patapita milungu itatu. Kwa zaka zisanu ndi zinayi a Loya ankabwera mwezi uliwonse, ati kudzafupikitsa thalauza. Mathalauza ena ndinawafupikitsa kawiri. Za ubatizo ananena kamodzi kokha: kuti khomo silinatsekedwe, wamoyo akabatizidwa atha kukamangidwa m'kachisi ndi mkazi wake womwalira. Ndinati, "Imani bwino, ndingakubayeni ndi singano." Sanabwerezenso.

Atakalamba maso anafooka ndipo anasiya kupita kukhoti, koma Loweruka ankasesabe m'chalichi ndi kuyala mipando. Mwezi watha anandiitanitsa kuchipatala. Unali m'mawa. Akazi awo anali atakhala kumutu, ana ndi adzukulu atazinga bedi mpaka anamwino kusowa podutsa. A Loya anandikodola.

"Alamu, ine ndanyamuka. Mlongo wanga ndikamuona posachedwa. Ndikamuuze chiyani?"

Nsanje inandigwira kuposa kale lonse. Munthu ameneyu akamuona iye, ine ndili kuno, ndipo mawu anga omwe akanena ndi pakamwa pake.

"Musakamuuze kanthu," ndinatero. "Ndi mkazi wanga. Ndidzamuuza ndekha."

"Mudzalowera khomo liti, alamu?"

Ndinakhala chete. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kutembenukira kwa akazi awo. "Mayi, mwamva? Ndakalambira m'khoti ine. Mboni ikakhala chete chonchi, yavomera."

Anamwalira masana ake, ana akuimba motsitsa, dzanja lawo lili m'dzanja la akazi awo. Sanabuule.

Anali munthu woona, wosunga banja, wosakweza mawu. Ndinafufuza cholakwa chawo zaka makumi anayi, monga ndimafufuzira msoko wokhota, ndipo sindinachipeze. Amene muli ndi mabanja tengerani pamenepo.

Ine ndauza abishopu kuti Lamlungu likubwerali andisungire mpando wa kumbuyo, ndiponso kuti ophunzitsa za ubatizo atha kubwera kushopu, bola asandichedwetse ntchito. Musaganize kuti a Loya apambana mlandu. Ndikungokana kuti muyaya wonse mkazi wanga azikhala pafupi ndi achimwene ake, akundinena, ine palibe.